Mmene Ndinapezera Madzi kwa Apongozi

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo wochita manyaziyo ndine. Ndikanakonda kuisunga mumtima, koma alamu anga akumaifotokoza pamaliro aliwonse, akumathiramonso mchere wawo, ndiye kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Dzina langa ndine Lackson Phiri, ndimakhala ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Kwa nthawi ndithu ndinagwira ntchito ku kampani ina yokumba mijigo. Zimenezi n'zoona ndipo palibe anganditsutse. Ndinayenda nawo midzi yambiri, ndinkagona nawo m'matenti, ndinali ndi ovolosi ya olenji ndi helmet yoyera. Chokhacho chimene sindinkachitchula kawirikawiri n'chakuti ntchito yanga inali yophikira anthu okumbawo. Makina ankalira uko, ine ndili pansi pa mtengo kusankha nyemba.

Mkazi wanga Veronika, atapita kwawo kupitirira Mtenguleni, anangonena kuti bambo a Mphatso ali ku kampani ya mijigo. Sananame. Anangoisiyira panjira nkhaniyo. Anthu akumudzi anaimalizitsa okha, ndipo pofika Khirisimasi ndinali injiniya.

Kontrakiti itatha kampani inapita, n'kundisiyira ovolosi, helmet ndi nthawi yambiri. Ndinkakhala pakhonde kuonerera njinga zonyamula anthu, mpaka ndinafika pozizindikira ndi kulira kwa tcheni.

Chaka chatha mu Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mlandu nafe, foni inalira. Anali alamu anga a Dominiko, achimwene ake a Veronika, amenenso ndi tcheyamani wa komiti ya madzi kumudziko.

"Alamu, mphakati wathu wa kutchalitchi walandira simenti yomangira chitsime. Anyamata okumba alipo, mapiki alipo. Chasowa ni munthu wotiuza pokumba. Ena akuti tiitane wa ku boma, ine n'kuti, tivutikirenji pomwe injiniya tili naye m'banja?"

"Injiniya uti, alamu?"

"Ha ha! Inu nthabwala simudzasiya. Mubwere Loweruka. Pali mbuzi yanu."

Anadula foni. Ndinalowa m'nyumba n'kumupeza Veronika akusita yunifomu ya Mphatso.

"Vero, ine madzi ndimawadziwa akakhala m'ndowa."

"Manje mufuna mukanene chani? Kuti munali kukazinga kapenta? Atate anauza tchalitchi chonse kuti mpongozi wawo ni injiniya. Ine nkhope yanga ndikaiika kuti?"

"Nanga ndikawakumbitsa pouma?"

"Nthawi yonse ija simunaoneko mmene anzanu anali kuchitira?"

Ndinaonako. Panali mkulu wina amene ankayenda ndi mawaya awiri opindika m'manja, nkhope ili gwa, kenaka n'kuima pamene akuti pali madzi. Pambuyo pake pankabwera wina wa makina ndi laputopu. Zimene wa laputopuyo ankachita sindinazionepo, chifukwa nthawi imeneyo nyemba zinkakhala zikufuna madzi.

Musaganize kuti ndilibe chikumbumtima. Katekisimu ndinaphunzira ngati wina aliyense, ndipo ndinkadziwa bwinobwino kuti kulandira ntchito imene suidziwa n'kulakwa. Koma ndinkadziwanso kuti kumudzi kuja, chikwatirireni mwana wawo, chinthu chokha chimene chinkandipezetsa mpando wokhala ndi chotsamira chinali u-injiniya umenewu. Ndiye ndinapeza njira yapakati, imene ndinaiona kuti ndi yanzeru kwambiri. Ndipita, ndiyendayenda ndi mawaya, ndipukusa mutu, kenaka ndiwauza kuti madzi a kuno ali pansi kwambiri, pakufunika makina. Palibe wokumba pachabe, palibe wochita manyazi. Mbuzi ndikana. Akakakamira, ndilandira mwendo umodzi.

Loweruka ndinavala ovolosi ndi helmet, ndinadula mawaya awiri pa chingwe choyanikira zovala, n'kukwera minibasi ndi Veronika.

Mudzi wonse unali ukundidikira. Apongozi anga aamuna, a Sakala, anavala jekete. Akulu a mphakati anatsegula ndi pemphero, ndipo m'pempheromo ndinatchulidwa kawiri, kachiwiriko ndi mawu akuti "mtumiki wanu wophunzira". Ndinayankha ameni motsitsa.

"Tiyambire pati, a injiniya?" anafunsa a Dominiko.

"Site iliyonse imayamba ni survey," ndinatero. "Koma mukhale patali. Mukayandikira mumasokoneza network."

Anabwerera m'mbuyo onse, ngakhale agalu. Ndinagwira mawaya, ndinaumitsa nkhope monga ankachitira mkulu uja, n'kuyamba kuyenda kanjira kopita kumadimba. Anthu ankanditsatira chapatali, ali zii. Zonse zinkayenda bwino, moti ndinayamba kuganiza kuti mwina ntchitoyi ndi yomweyi basi.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene muyenera kudziwa. Kwa akazi anga mwambo wa chipongozi sanausiye. Ine ndi apongozi anga aakazi sitilankhulana maso ndi maso, sitidyera pamodzi, ndipo sitipambana panjira. Mukakumana, mkamwini umapatuka, umanjuta kumbali, nkhope kuyang'ana pansi, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono mpaka adutse. Iwonso amapatukira kwinako. Takhala tikulemekezana choncho zaka zonsezi, ndipo sitinayambanepo.

Kanjira kaja kanakhota pa chulu chachikulu. Nditangokhota, ndinangoti maso gwa! Apongozi aakazi, mtolo wa nkhuni pamutu, akuchokera kuthengo. Iwo za survey sanazitenge ngati chifukwa chosiyira kutola nkhuni.

Thupi linachita lokha. Ndinalumphira kumanzere m'mapesi, mawaya n'kugwa pansi mopingasana, ine n'kunjuta, mutu pansi, manja phwa, phwa, phwa. Apongozi nawo anathawira kuseri kwa chulu ndi nkhuni zawo.

Anthu akumbuyo kuja apongozi sanawaone. Chimene anaona ndi injiniya akuyenda bwinobwino, kenaka mwadzidzidzi chinthu china chamukoka, chamuponyera m'mapesi, chamugwaditsa, ndipo iye akuchiombera m'manja.

"Amukoka!" anakuwa mayi wina. "Madzi amukoka!"

Ndinamva mapazi akuthamanga. Ndinafuna kuimirira, koma ndikasuzumira pansi pa helmet ndinkaona nsonga za nkhuni kuseri kwa chulu. Apongozi anali asanadutse. Sindikanaimirira iwo asanadutse. Iwonso sakanadutsa ine ndili pomwepo, ndiponso njira yadzaza anthu. Ndiye iwo anakhala, inenso ndinakhala.

"Taonani mmene akhalitsira," anatero a Sakala. "Pamenepa si madzi ochepa."

"Musawalankhulitse, akuwerenga," anatero a Dominiko.

Miyendo inayamba kunjenjemera chifukwa cha kunjuta. Munthu wina anati ndi mphamvu ya madziyo. Thukuta linkatsika kuchokera mu helmet n'kudontha pamphuno, ndipo agogo ena anati aona ndi maso awo kuti madzi ayamba kale kutulukira mwa ine.

Pomaliza apongozi anatopa, anazungulira kuseri kwa chulu n'kudzera m'munda wa eni. Nditaona nkhuni zikusowa m'mitengo ndinaimirira, mawondo akulira. Ndisanatsegule pakamwa, a Dominiko anali atakhoma chikhomo pakati pa mapazi anga, ndipo amayi anayamba nthungululu.

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Mawu ake anali ochepa: ndimapatukira apongozi. Anthu akanaseka, tikanapitiriza survey, pulani yanga ikanayenda. Koma ndinene zoona, chibadwire changa palibe anandiimbirapo nthungululu. Ngakhale paukwati wanga ankaimbira Veronika. Zinandikomera, ndipo ndinaganiza zodikira kuti amalize kaye.

Atamaliza, piki yoyamba inali italowa kale pansi.

"Alamu," ndinawanong'oneza a Dominiko, "malo ano ndikuwakayikira pang'ono. Pangakhale mwala."

"Mwala tiphwanya."

"Madzi angakhale ali patali kwambiri."

"Mmene munagwera muja? Alamu, kudzichepetsa kwanu tikudziwa. Khalani pamthunzi."

Anandibweretsera mpando wokhala ndi chotsamira, ndi chikho cha thobwa. Ndinakhala n'kumaonerera anyamata akutuluka thukuta chifukwa cha ine. Mtima unkandipweteka kwambiri. Ndinkaona kale mmene zidzathere: akumba mlungu wonse, akumba wachiwiri, dzenje lakuya ngati manda a njovu, pansi pake fumbi lokhalokha, kenaka mudzi wonse n'kutembenuka kundiyang'ana. Ndinapemphera chamumtima. Sindinapemphe zambiri. Ndinangoti, Ambuye, ngakhale kachinyezi chabe.

Dzenje litafika m'chiuno, mnyamata wina anaponya piki n'kunena kuti wagunda muzu. Anaponyanso kachiwiri mwamphamvu.

Fwaaa!

Madzi anatumphuka kupitirira mutu wa munthu. Oyera mbee! Mnyamata uja anatuluka m'dzenje ngati wathamangitsidwa ndi njoka. Kenaka mudzi unapenga.

Amayi anagubuduka m'matope. Akwaya anayambitsa nyimbo. Ana anavula malaya n'kulowa m'madzimo. A Sakala anavula chipewa, anabwera pamene ndinakhala, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"A Phiri, ine ndakalamba, zitsime ndaziona. Koma chitsime cha pressure sindinachionepo."

"Zimachitika," ndinatero. "Kamodzikamodzi."

Veronika ankandiyang'ana chapatali, pakamwa pali yasa. Ndinamuona kuti nayenso wayamba kukayika ngati ndinalidi wophika. Kunena zoona, inenso ndinayamba kukayika. Mwina mphatso ndinali nayo kalekale, nyemba ndi zimene zinkanditsekereza.

Chikho choyamba anapatsa ine. Ndinachikweza kuti onse aone, ndinamwa, ndipo mtima unangoti phwii. Madziwo ankanunkha klorini.

Za pansi pa nthaka sindidziwa zambiri, koma madzi ophikira ndimawadziwa. Madzi ochokera kwa Mulungu mwachindunji sanunkha klorini. Ndinayang'ana m'dzenje muja. Madzi anali atadzaza, matope ali pwirikiti, koma m'mphepete munkayandama kachidutswa ka pulasitiki yakuda, kokhuthala, kokhota ngati chikhadabo. Ndinakaponda ndi gambutsi.

"Ali bwanji, a injiniya?"

"First class," ndinatero.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga kundiposa. Komiti inakhala pansi pomwepo n'kugwirizana kuti chitsimecho chitchedwe Lackson. Mbuzi inaphedwa, ndipo za mwendo umodzi zija sindinazikumbukire. Apongozi aakazi anatumiza mwana ndi tambala, pamodzi ndi uthenga wakuti akuthokoza Mulungu kuti anaona zonse ali pafupi. Kunabwera amuna awiri a mudzi woyandikana nawo, zipewa m'manja, kudzafunsa ngati Loweruka linalo ndili ndi mpata.

"Ndiyang'ana pulogalamu," ndinawayankha, phazi langa likadali pa kapulasitiki kaja.

Dzuwa litapendeka tinamva belu la njinga. Anali a Sisitere a pa kachipatala ka mishoni kamene kali kutsidya kwa madimba, mayi wamkulu wa magalasi, velo yake itachita fumbi. Anatsika, anaimika njinga bwinobwino, anayang'ana madzi akutumphuka, anayang'ana phiri kumene kuli thanki ya mishoni, kenaka anayang'ana kumene kuli chipatala. Ndinaona mutu wawo ukujambula mzere wowongoka, ndipo mzerewo unadutsa pakati pa miyendo yanga.

"Mwafika bwino, a Sisitere!" anatero a Dominiko. "Dalitsani chitsime chathu!"

"Chakumbidwa liti?"

"Lero lomwe, m'mawa!"

"Kuchipatala mipopi yauma lero lomwe, m'mawa," anatero a Sisitere. Sanakweze mawu. "Paipi imeneyi anaikwirira abambo ena akale a mishoni, ambiri a inu musanabadwe. Tinkaganiza kuti inadzera kumsewu. Zikomo potipezera."

Nyimbo inafera pakhosi. Mwana mmodzi yekha anapitiriza kusambira.

"Amene anasankha malo ano ndani?"

Manja onse analoza ine. Ena analoza monyadira, chifukwa nkhani inali isanawafike bwino.

"Ni alamu anga," anatero a Dominiko motsitsa. "Injiniya."

"Ndathokoza kuti pali injiniya," anatero a Sisitere. "Bambo, kuchipinda cha amayi ndili ndi mayi amene achire nthawi ina iliyonse, ndipo mulibe ngakhale madzi osamba m'manja. Thanki ikutha. Lowani mulumikize paipiyo. Mukufuna zipangizo zanji?"

Apa nthabwala zinandithera. Mpaka nthawi imeneyo ndinkaopa za nkhope yanga ndi ya Veronika basi. Za mayi amene ali pabedi kutsidya, amene sanandiitane, sanandiimbire nthungululu, ndipo mbuzi sanadyeko, sindinaziganizepo. Ndikanatha kulowa m'dzenjemo, kugwiragwira m'matope, kutchula mayina a zipangizo zosapezeka mpaka kude. Ndinachita mantha enieni, ndipo manyazi anandigwira.

Ndinavula helmet.

"A Sisitere, paipi sindidziwa kulumikiza."

"Ndinu injiniya wa chiyani?"

"Sindine injiniya. Ku kampani kuja ndinali wophika."

"Nanga muja munagwa?" anafunsa a Dominiko.

"Ndinali kupatukira amayi. Anali kuseri kwa chulu."

Madzi aja anapitiriza fwaaa ngati palibe chachitika. Veronika anadziphimba kumutu ndi chitenje. Amuna awiri a mudzi woyandikana aja anavala zipewa zawo n'kunyamuka osatsanzika.

A Sisitere sanataye nthawi ndi ine. Anatuma wina pa njinga kukatseka kuthanki, anaimbira foni pulambala wa m'tauni, kenaka anatembenuka.

"Ndowa mumatha kunyamula?"

"Ndimatha."

"Muli ndi umboni?"

"Ndingayese, a Sisitere."

Tinatunga m'dzenje muja madzi asanaleke, mudzi wonse pamzere, ndowa, zigubu, mapoto, kupita nazo kuchipatala. Ine ndinali patsogolo, ovolosi ya olenji, ndowa pamutu pamene panali helmet. Ndinabwerera kambirimbiri mpaka khosi linauma. Mayi uja anachira bwino, mwana wamkazi. Palibe amene anaganiza zomutcha dzina langa.

Mawa lake titachoka ku Misa, a Sakala anandiitanitsa pansi pa mtengo wa mango. Panali iwo, a Dominiko ndi akuluakulu ena a banja. Apongozi aakazi anakhala kuseri kwa nkhokwe, pomwe akanamva zonse osandiona. Mpando wokhala ndi chotsamira panalibe. Anandilozera njerwa.

Ndinakhala pa njerwapo ndikudziwa kuti zanga zatha. Ndinkayembekezera kulipitsidwa mbuzi, paipi ndi tambala, kapena kuuzidwa kuti ndibwerere ku Kapata ndekha, mwana wawo atsale. Ndinayamba kupepesa, koma a Sakala anakweza dzanja.

"Za paipi zisiyeni. Pulambala wakonza. Ine ndili ni funso limodzi chabe. Mwati munali wophika?"

"Inde, atate."

"Wophikira anthu angati?"

"Nthawi zina makumi atatu."

"Mpunga mumatha? Wosaphwanyika?"

"Ndimatha."

"Nyama ya mbuzi? Nkhuku ya anthu ambiri?"

"Zimenezo ndiye zanga, atate."

A Sakala anayang'ana a Dominiko. A Dominiko anayang'ana pansi. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuusa moyo kwakutali. Kenaka mkuluyo anawerama, nkhope itakwiya kuposa mmene inalili dzulo pa dzenje paja.

"A Phiri, paukwati wa mlamu wanu, mwana wanga wotsiriza, tinakatenga wophika ku Chipata. Mpunga anauphika ngati phala, nyama anapsereza, akuchimuna mpaka lero amatiseka. Ndiye mukundiuza kuti tsiku limene lija munthu wodziwa kuphika analipo, atakhala ku high table, akutifotokozera za mijigo?"



"Paipi ndakukhululukirani," anatero a Sakala. "Mpunga uja, iyayi."

Masiku ano munthu akandiuza kuti pali ntchito, ndimayamba ndafunsa ngati ikufuna mthiko.